Kutentha ndi madzi oipa ndizo zitsegulira khomo matenda a nsomba ku Petauke ndi Nyimba

Miyezi ya Okutobala ndi Novembala ndi nthawi yomwe alimi a nsomba m'maboma a Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, ayenera kukhala tcheru kwambiri. Dzuwa likawomba m'chigwa cha Luangwa, madzi a m'maiwe amaphwera ndi kutentha, ndipo mpweya umene nsomba zimapuma m'madzimo umachepa. Apa ndi pomwe matenda oyamba ndi tizilombo ta mabakiteriya amabuka.

Tizilomboti sitichokera kutali. Mtundu wotchedwa Aeromonas umapezeka m'madzi a mitsinje, madamu ndi maiwe, ngakhalenso pa thupi la nsomba yathanzi. Nsomba ikakhala ndi mphamvu sidwala. Imayamba kudwala ikafooka chifukwa cha kuthithikana, zakudya zotsala zomwe zawolera pansi pa dziwe, manyowa ochuluka mopitirira muyeso, kapena mabala omwe yalandira pokokedwa ndi ukonde. N'chifukwa chake matendawa amapha kwambiri nsomba zoweta kusiyana ndi za mu mtsinje, zomwe zili ndi malo othawirako madzi akaipa.

Vutoli laoneka kale m'dziko muno. M'chaka cha 2020, akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya University of Zambia anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa pende zodwala zomwe zimawetedwa m'makola a ukonde pa nyanja ya Kariba. Iwo anapeza tizilombo ta Lactococcus garvieae ndi Streptococcus agalactiae, tomwe timafala msanga madzi akatentha. Mlimi wa ku Petauke amene agula ana a nsomba kuchokera kutali osafunsa za thanzi lawo angathe kubweretsa tizilombo totere m'dziwe lake.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuziona. Nsomba imasiya kudya, imasambira mozungulirazungulira kapena kuyandama pamwamba mofooka. Maso amatong'oka ndi kuchita khungu loyera, mimba imatupa, mamba amasosoka, ndipo m'tsinde mwa zipsepse mumaoneka madontho ofiira ngati magazi. Nthawi zambiri zimayamba kufa ziwiri kapena zitatu pa tsiku, kenaka chiwerengero chimakwera.

Koma si chilonda chilichonse chimene chimayamba ndi mabakiteriya. Pali nthenda ina ya zilonda zakuya yotchedwa EUS, yomwe inapezeka mu mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 2007, ndipo mu 2020 inabuka m'boma la Mchinji ku Malawi, kufupi ndi malire a chigawo chino. Imeneyi imayamba ndi nguwi ya m'madzi, imakonda nyengo yozizira, ndipo mabakiteriya amangolowa m'zilonda pambuyo pake. Mankhwala opha mabakiteriya sangaichiritse. Kusiyanitsa matenda awiriwa kumafunika kupima nsomba, ntchito yomwe mlimi sangaichite ndi maso okha.

Chomwe chichitika m'dziwe chimafikanso ku mtsinje. Mlimi akatsegulira madzi a dziwe lodwala mu kamtsinje, kapena akataya nsomba zakufa m'dambo, tizilombo timatsika ndi madziwo kulowera ku Luangwa, komwe mabanja ambiri amadalira pende ndi milamba pa ndiwo ndi pa malonda. Ukonde wobwerekana pakati pa dziwe ndi mtsinje nawo umanyamula matenda mbali zonse ziwiri.

Kupewa kuli m'manja mwa mlimi. Asaike nsomba zambiri kuposa kukula kwa dziwe. Nyengo yotentha achepetse gaga ndi manyowa, ndipo athireko madzi atsopano ngati alipo. Ana a nsomba ogula kwina awasunge paokha kwa masabata awiri asanawasakanize ndi zina. Nsomba zakufa azichotse tsiku lomwelo, azikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi madzi. Ukonde uchapidwe ndi kuumitsidwa padzuwa, ndipo pambuyo pokolola dziwe liumitsidwe ndi kuwazidwa laimu.

Alimi ena amathira m'dziwe makapisozi ogula ku sitolo ya mankhwala a anthu kapena a nkhuku. Mchitidwewu ndi woopsa. Nsomba yodwala sidya, choncho mankhwala ambiri amangotsalira m'madzi, momwe tizilombo timazolowera mpaka mankhwalawo kuleka kugwira ntchito, ngakhale kwa anthu ku chipatala.

Ogula ndi ophika nawonso asamale. Tizilombo tina ta nsomba timalowa m'thupi la munthu kudzera pa bala la m'manja potumbula. Ku Singapore m'chaka cha 2015, anthu oposa 100 anadwala kwambiri atadya nsomba za m'madzi opanda mchere zosaphika. Nsomba yophikidwa bwino imapha tizilomboti, koma yomwe yapezeka itafa yokha kapena ili ndi zilonda siyenera kudyedwa, kuwambidwa kapena kugulitsidwa.

Aliyense amene aona nsomba zikufa mosadziwika bwino, m'dziwe kapena mu mtsinje, akauze mwamsanga alangizi a za nsomba a unduna woona za nsomba ndi ziweto m'boma lake, atatenga nsomba yodwala yomwe ikali moyo kuti ikapimidwe.