Tisiye Tala, Tikaone Mapiri Athu pa Njinga

Dzuwa lisanatuluke, msewu wa Great East Road pa Katete umakhala utadzuka kale. Malole olemera ochokera ku Lusaka, ndi ena otulukira ku Mozambique kudzera pa Chanida, amadutsa ndi mkokomo waukulu, ndipo mphepo yawo yokha imakwanira kukankhira wapanjinga kutchire. M'mphepete mwa tala mumakhala abambo atasanjikiza matumba a makala pakaliyala, ana asukulu atakwezana, ndi amayi akuthamangira kuchipatala cha St Francis mwana ali kumsana. Ndani mwa ife amene sadziwa banja lomwe lidalira maliro kaamba ka msewu umenewu? Motero ambiri tidazolowera kuiona njinga ngati bulu wa katundu, chinthu chokwera mtima uli m'mwamba, ndipo ana athu timawaletsa kupita nayo kutali.

Komatu kuseri kwa msewuwo kuli njira zina. Ndi njira za ngolo, za kudimba, za kuchigayo, zimene zimalumikiza mudzi ndi mudzi kuchokera ku Sinda mpaka ku Vubwi, ndipo munthu atha kupalasamo tsiku lathunthu osakumana ndi galimoto ngakhale imodzi.

Chimene ena amalipirira

Ku Germany kuli dera la Eifel, kumene mapiri adaphulika moto kalekale, ndipo maenje amene motowo udasiya adasanduka nyanja zing'onozing'ono zozungulira. Njanji yakale yochokera m'tauni ya Daun kutsikira kumtsinje wa Mosel itasiya kugwira ntchito, eni dziko adachotsa zitsulo n'kuisandutsa njira ya njinga zokhazokha, ya makilomita oposa 50, yodutsa pa milatho ndi m'mapanga momwe munkapita sitima. Mabanja amasunga ndalama kuti pa tchuthi akapalase kumeneko, chifukwa kholo limafuna malo amene mwana angayende popanda kuopa galimoto.

Kuno kwathu mapiri ophulika kulibe. Kuti tiwaone tiyenera kupita ku Rungwe, kum'mwera kwa Tanzania, kapena ku Congo kumene phiri la Nyiragongo lidaphulika mu 2002 ndi mu 2021 n'kuthawitsa anthu ambirimbiri a mumzinda wa Goma. Komabe mapiri athu ambiri nawonso ndi ana a moto. Mwala wake udali wosungunuka, koma udazizira pang'onopang'ono pansi penipeni pa nthaka osatulukira kunja. Pa zaka zosawerengeka mvula idakokolola dothi lofewa lozungulira, n'kusiya matanthwe olimba ataima okhaokha. N'chifukwa chake pakati pa phiri ndi phiri pali malo oyalana bwino, ndipo njira zimazungulira m'tsinde m'malo mokwera pamwamba. Njira imene Azungu amaimanga ndi ndalama zambiri, ife makolo athu adatipondera kale ndi mapazi.

M'tsinde mwa Mphangwe

M'mwezi wa June tidaganiza zoyesa. Tidali anthu 6, akuluakulu awiri ndi achinyamata anayi, ndipo njinga zathu zidali zomwe zija za masiku onse. Imodzi idali Eagle yakale, yotsala ya masiku amene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga ku Chipata, ndipo ziwiri zidali za Buffalo, zimene bungwe la World Bicycle Relief, lomwe lidayamba mu 2005, lidafalitsa m'midzi mwathu.

Titangosiya tala, mapiri a Mphangwe ali pambali pathu, chinthu choyamba chimene tidazindikira chidali bata. Tidayamba kumva mabelu a ng'ombe, kulira kwa njiwa, ndi mawu a amayi otola thonje m'minda. Achinyamata, amene pamsewu waukulu amayenda mondondozana ali chete, apa adayenda awiriawiri akucheza. Pamene tidakumana ndi ngolo yodzaza mtedza, tidapatukana mwaulemu, mwini wake n'kutiuza kumene kuli chitsime cha madzi abwino.

Zovuta sizidalephere. Pamchenga tidatsika n'kumakankha, ndipo masana asanakwane minga idali itaboola machubu awiri. Potsetsereka kulowa m'dambo lina, mabuleki a mnyamata mmodzi adakana, iye n'kukagwera m'matope atakalika bondo. Pamudzi woyandikana tidapeza mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Atayang'ana malabala a mabuleki omwe adali atatha, adapukusa mutu.

"Ana anga, kodi njingayi mudaifunsa musananyamuke?" adatero. "Phiri silikwiya ndi wokwera, limakwiya ndi wotsika."

"Tamva agogo, tidalakwa ndife," tidayankha motero. Iwo adadula kachidutswa ka tayala lakale la galimoto, n'kukasema bwino, ndipo mabuleki adagwiranso.

Sukulu yopanda makoma

Pa liwiro la njinga dziko limayamba kulankhula. Kum'mwera kwa Katete kuli phanga la Makwe, ndipo ku Chadiza kuli la Kalemba. Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, adapeza m'mapanga amenewa zipangizo za miyala za anthu omwe adakhalamo zaka zikwi zambiri zapitazo, ndipo adalemba za izi m'buku lake la 1976. M'matanthwe a chigawo chino muli zojambula zofiira, zimene akuluakulu amati n'za Akafula, ndi zoyera zokhudza miyambo ya Achewa. Achinyamata athu adali ataphunzira mayina a mitsinje ya ku Ulaya, koma za mapanga amenewa adamvera pa ulendowu.

Yemwe alunjika kumadzulo amafika ku Sinda, kumene kuli sukulu ya Chassa ndi chipatala cha Nyanje. Pafupi ndi Katete pali Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, kumene chakumapeto kwa August Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba. Yemwe ali ndi mphamvu ndi masiku okwanira atha kulowera kum'mawa kudzera ku Chadiza mpaka ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, kumalire a Malawi ndi Mozambique. Kumeneko zitunda ndi zambiri ndipo kukankha njinga si manyazi. Sinda ndi Vubwi adakhala maboma paokha mu 2012, komabe alipo akuluakulu ambiri a ku Katete amene sadapondeko ku Vubwi, ngakhale adafika ku Lusaka kangapo.

Pokonzekera ulendo

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, pamene mitsinje yaphwa ndipo dzuwa silinayambe kuswa mtengo. Nyamukani m'mamawa, mupumule masana, ndipo mufike pogona kusanade. Pa tsiku loyamba musadzipatse mtunda wautali, makamaka ngati muli ndi ana. Tengani pampu, mapachi, guluu, chubu chapadera, masipanala, madzi okwanira, ndi juzi kapena bulangete pakuti usiku wa June umazizira. Yesani mabuleki, tcheni ndi masipoko musanachoke pakhomo.

Njira za kumudzi zili ndi eni ake. Tsikani panjinga popereka moni kwa akuluakulu, ndipo ngati mukufuna kugona kapena kukwera phiri, yambani mwaonekera kwa amfumu. Musalowe m'nkhalango ya manda kapena m'kanjira kamene simukukadziwa, ndipo mukakumana ndi Gule Wamkulu patukani mwaulemu. Chakumalire njira zina zimalowa m'dziko la eni popanda chikwangwani, choncho funsani kawirikawiri. Paja safunsa adadya phula.

Chuma chimene chingatipulumuke

Sitingabise zimene tidaona. M'malo ambiri m'mbali mwa mapiri mwatsala zitsa zokhazokha ndi zipsera za mauvuni a makala. Mitengo ikatha, madzi a mvula amatsika ndi ukali n'kutsata njira ya ngolo, ndipo pakapita zaka zochepa njirayo imasanduka chigwembe. Tidafika pena pamene tidachita kunyamula njinga pamapewa. Njinga zamoto nazo zachuluka, ndipo ena mwa oziyendetsa amathamanga m'tinjira topapatiza ngati ali pa tala. Njira ikafa, mwana wasukulu ndi mayi wopita kuchipatala amabwerera kumsewu wa malole uja.

Wowotcha makala sitimuweruza, pakuti naye afuna sopo ndi ndalama ya sukulu. Koma mudzi umene ugwirizana ndi amfumu kusiya mitengo ya m'mbali mwa phiri, kutseka zigwembe ndi miyala zisanakule, ndi kulangiza anyamata a njinga zamoto, wasunga njira ya ana ake. Mu 2018 bungwe la United Nations lidaika 3 June kukhala tsiku lokumbukira njinga padziko lonse. Ife sitiyenera kudikira tsiku limenelo. Pa tchuthi cha August, bambo kapena mayi atha kupopa matayala, kumanga mbatata zootcha pakaliyala, n'kutenga ana kukagona kwa achibale kuseri kwa phiri. Mnyamata wathu wa bondo lokalika uja wayamba kale kufunsa tsiku limene tidzapite ku Vubwi.