TSOGOLO LA CHAINAMA EAST: NDENDE KAPENA CIPATALA?

Munthu wolowa mu Lusaka kucokera ku Chipata pa mseu wa Great East amapita pafupi ndi cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962 kuti cisamale odwala misala. Anansi ake ndiwo anthu a ku Mtendere ndi Kalingalinga. Koma si onse adziwa kuti pamalo omwewo pali cigawo ca mpanda, cochedwa Chainama East, kumene asungako anthu amene anapalamula milandu mutu utasokonezeka.

Lamulo linena kuti khoti ikapeza kuti munthu anacitadi coipaco, ngakhale kupha kumene, koma nzeru zake zinali zitasokonezeka, munthuyo sapatsidwa zaka zaukaidi. Asungidwa kufikira Mtsogoleri wa Dziko atalamula kuti atuluke. Wakuba ng'ombe amawerenga masiku ake m'ndende, koma wa ku Chainama East alibe tsiku lowerenga. Ena amacira bwino-bwino, komabe mvula zigwa, zileka, iwo ali momwemo.

Maganizo a dziko pa matendawa asintha. M'caka ca 2017 Khoti Yaikulu inakana mau onyoza odwala amene anali m'lamulo la atsamunda, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano loteteza ufulu wao. Tsono funso nali: kodi malowa adzakhala nkhokwe yosungiramo anthu oiwalika, kapena cipatala ceni-ceni cimene munthu alowamo, nacira, nabwerera kwao?

Ife tiona kuti cifunika ndi caciwirico, ngakhale mpanda uyenera kukhalapo cifukwa ca iwo amene akali oopsya. Cobvuta ciri kunja kwa mpanda. Munthu amene anavulaza mbale wake, abale amamuopa, ndipo mantha amenewo sitingawaseke. Ena amati analodzedwa, ena amati dzina lake lisachulidwenso pamudzi. Nanga womasulidwayo adzapita kwa yani?

Cina ndi mankhwala. Ambiri amadwalanso akaleka kumwa. Zipatala za Matero, Kanyama ndi Chawama zinakuzidwa, ndipo zikapatsidwa anamwino odziwa matendawa ndi mankhwala okwanira, wocokera ku Chainama angalandire thandizo pafupi ndi kwao.

Inu a kumidzi amene muli ndi mbale kumeneko, pitani mukamuone, mufunsenso madokotala za umoyo wake. Mafumu ndi akulu a mipingo ayambe kukambirana ndi banja lolakwiridwa munthuyo asanatuluke.