Mu Utsi wa Makala Mulinso Mafuta

Tonse taonapo utsi wokhuthala ukufuka pamulu wa dothi pamene anthu akuwotcha makala. Timangouona ngati chinthu chosautsa m'maso, komatu gawo lalikulu la mtengo umene wagwetsedwa limathawira mu utsi womwewo.

Nkhuni zikatenthedwa pamalo osalowa mphepo, sizipsa n'kusanduka phulusa. Zimagawika patatu: makala, mpweya wokhoza kuyaka, ndi nthunzi imene ikazizira imasanduka mafuta oderako onunkha utsi. Akatswiri amatcha njirayi pyrolysis, ndipo mafutawo amawatcha bio-oil.

Nanga n'chifukwa chiyani uvuni wakumudzi supereka mafuta? Nkhani yagona pa liwiro. Uvuni wa dothi umatentha pang'onopang'ono kwa masiku angapo, nthunzi n'kumamwazikira kunja. M'mafakitale amayamba aumitsa nkhunizo, n'kuzipera kukhala tizidutswa ta mamilimita awiri kapena atatu. Kenaka amazitenthetsa mwadzidzidzi kufika madigiri pafupifupi 500, ndipo nthunziyo amaiziziritsa masekondi awiri asanathe. Potero, makilogalamu 100 a nkhuni zouma amatha kupereka makilogalamu ofika 70 a mafuta.

Izi si za m'mabuku chabe. Ku Hengelo m'dziko la Netherlands, fakitale ya Empyro inayamba kupanga mafutawa mu 2015 kuchokera ku zotsalira za matabwa, ndipo anayamba kuwayatsa powiritsa madzi m'fakitale ya mkaka ku Borculo.

Komabe tichenjezane: bio-oil si dizilo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi madzi. Ali ndi asidi amene amadya chitsulo, mphamvu yake siifika theka la ya dizilo, ndipo sasakanikirana naye. Wowathira m'thirakitala kapena m'pampu yothirira dimba akungowononga injini yake.

Makina oterewa ndi okwera mtengo, mlimi sangawamange paseli pa nyumba. Koma nzeru yake ikutikhudza. Utuchi ndi nthambi zimene timaziyesa zinyalala, ena akuzisandutsa katundu. Nkhuni zaziwisi zimawononga moto wambiri pochotsa madzi, n'chifukwa chake wowotcha makala amene amadikira kuti ziume amapeza matumba ochuluka pa mitengo yomweyo. Msuku kapena mombo umatenga zaka zambiri kuti ukule. Tisanaike nkhwangwa patsinde, tidzifunse kuti m'mtengowo tipindula zingati, nanga zingati zipita ndi mphepo.