Chiwongolero Chikayamba Kunjenjemera

Msewu wa M5, wotsata gombe la nyanja, umadutsa pa Nkhunga, kufupi ndi Dwangwa, kumpoto kwa boma la Nkhotakota. Chitsegulire fakitale ya shuga ku Dwangwa m'chaka cha 1979, malole ndi mathirakitala a nzimbe akhala akupanikizana pa msewuwu ndi anthu apanjinga ndi oyenda pansi. Motero dalaivala amene chiwongolero chikumugwedeza manja pamalo otere wanyamula miyoyo yambiri, osati wake wokha.

Ambiri akaona vutoli amangowonjeza moto, poti nthawi zina kunjenjemerako kumazilala liwiro likakwera. Kumeneko ndi kudzinamiza, pakuti nthendayo ikadalipo ndipo ikudya matayala ndi zitsulo zogwira magudumu. Wanzeru amayamba wadzifunsa kuti kunjenjemeraku kukubwera nthawi yanji.

Ngati kukuyamba galimoto ikafika makilomita 80 mpaka 100 pa ola, kawirikawiri gudumu lakutsogolo lalemera mbali imodzi. Pa liwiro la makilomita 100 gudumu la galimoto yaing'ono limazungulira pafupifupi maulendo 14 pa sekondi imodzi, kotero kuti kulemera kochepa chabe kumasanduka nkhonya yosalekeza. M'dzinja, galimoto yochokera m'njira za m'minda ya nzimbe imatola matope amene amaumira m'kati mwa gudumu, ndipo kutsuka kokha kungathe kuchiza nthendayo. Mwinanso tizitsulo timene amakaniko amapanira m'mphepete mwa gudumu kuti lilemere mofanana tathothoka. Pamenepo gudumulo liyenera kukayesedwa pa makina ku galaja.

Ngati kugwedezeka kukumveka ngakhale poyenda pang'onopang'ono, tayala lingakhale litatupa kapena chitsulo cha gudumu chitapindika pomenya dzenje. Tayala lotupa silichedwa kuphulika, makamaka m'nyengo ya dzuwa la Okutobala pamene phula la kunyanja latentha. Limeneli ndi lochotsa tsiku lomwelo.

Ngati chiwongolero chikunjenjemera pokhapokha phazi likaponda mabuleki, magudumu alibe mlandu. Zitsulo zozungulira zimene mabuleki amagwira ndizo zadyeka mosafanana. Koma kugwedezeka kukamamveka pa mpando kuposa m'manja, maso aloze ku magudumu akumbuyo.

Pali kuyesa kwina kumene munthu angachite pakhomo. Aimike galimoto pamalo osalala, aike miyala ku magudumu, aone ngati manati onse ali omangika, kenaka anyamule gudumu limodzi lakutsogolo ndi jeke. Aligwire kumanja ndi kumanzere n'kuligwedeza: likamasewera, mfundo za chitsulo cholumikiza gudumu ndi chiwongolero zatha. Aligwirenso pamwamba ndi pansi: likamasewerabe, vuto lili pa beringi kapena pa mfundo imene gudumu limatembenukirapo. Asalowe kunsi kwa galimoto yoimira pa jeke yekha. Mfundo zimenezi zikaguluka pa liwiro, gudumu limaleka kumvera dalaivala, ndipo galimoto imapita kumene yafuna.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyamba ndi matope, manati ndi mpweya wa m'matayala sataya ndalama pa zitsulo zimene zilibe vuto, ndipo akafika kwa amakaniko amafotokoza bwino liwiro ndi nthawi imene nthendayo imaoneka. Kufikira tsiku limenelo, ayende pang'onopang'ono podutsa pa Nkhunga, pamene ana a sukulu amaoloka msewu m'mawa uliwonse.