Msonkho Woteteza Chitsulo: Phindu Lache ndi Kuipa Kwache

Anthu a kwa Mwase adziwa kuti makolo ao anali kusungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu ao okha. Ng'anjo zina zikali kuoneka m'nkhalango ya Kasungu. Makasu a m'sitolo atachuluka, ng'anjozo zinazima cha m'ma 1930, ndipo lero chitsulo cha malata, misomali ndi ngolo zonyamulira fodya chichokera kunja.

Vuto lomwelo ligweranso maiko akulu. Dziko la China lipanga chitsulo choposa theka la chitsulo chonse cha dziko lapansi, ndipo chotsala chitumizidwa ku maiko ena. Fakitale ikagulitsa katundu kunja pa mtengo wotsika kuposa wa kwao, pa malamulo a malonda akuti yataya katundu. Wogula akondwa poyamba, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mafakitale a eni dziko agwa, anthu nachotsedwa ntchito.

Chifukwa chache bungwe la malonda la WTO, limene Malawi analowamo mu 1995, lilola Boma kuika msonkho wapadera pa katundu wotere. Koma Boma liyenera kuyamba lafufuza zinthu zitatu: kuti katunduyo watayidwadi, kuti mafakitale a m'dziko apwetekedwa, ndi kuti chawapweteka ndi katundu yemweyo. Msonkhowo usapose kusiyana kwa mitengo iwiri ija, ndipo utha pakapita zaka 5 ngati mlandu sunaunikidwenso.

Ku South Africa ntchito yofufuzayi ili m'manja mwa bungwe la ITAC. Kuyambira mu 2015 Boma la kumeneko linaika msonkho wa 10 pa 100 pa mitundu ina ya chitsulo chakunja. Ngakhale zinatero, mu January 2025 kampani ya ArcelorMittal inalengeza kuti idzatseka ntchito zina ku Newcastle ndi ku Vereeniging, zokhudza antchito okwana ngati 3,500. Inadandaula za chitsulo chakunja chotsika mtengo, komanso za kukwera mtengo kwa magetsi ndi mayendedwe. Tsono msonkho paokha suchiritsa fakitale.

Msonkho uli ndi kuipa kwachenso, pakuti woulipira potsiriza ndiye wogula. Ku Malawi kulibe ng'anjo yaikulu yoiteteza, kotero msonkho wotere pa chitsulo chopangira malata ungangokweza mtengo kwa mlimi wa kwa Mwase amene afuna kufolera nyumba yache atagulitsa fodya. N'chifukwa chache lamulo lifuna umboni Boma lisanaike msonkhowo.