Mneni wa nthawi yakale amene sanena zakale

Ana a Fomu 3 akaona chiganizo chakuti "If I had a car, I would drive to Mzuzu", ambiri amathamangira kunena kuti munthuyu anali ndi galimoto kalekale. Ayi ndithu. Galimotoyo alibe, ndipo akunena za lero lomwe. Ine monga mphunzitsi wa Chingerezi ndimaona kuti apa ndi pamene ophunzira amasochera pa chimene mabuku a galamala amachitcha second conditional.

Kapangidwe kake si kovuta. Mbali ya if imatenga mneni wa nthawi yakale, monga had, knew kapena lived, ndipo mbali inayo imatenga would, could kapena might ndi mneni wosasintha. Koma nthawi yakaleyo sikuloza dzulo. Ikutiuza kuti wolankhulayo akungoganizira, zinthu sizili choncho ndipo sakuyembekezera kuti zikhala choncho.

Taganizirani mlimi mu Disembala, mitambo ili bii, mbewu ili kale m'manja. Iyeyo anena kuti "If it rains tomorrow, I will plant", chifukwa mvula akuiyembekezeradi. Mlimi yemweyo mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, anganene kuti "If it rained tomorrow, I would plant." Munda ndi womwewo, mawa ndi lomwelo. Chasintha ndi chiyembekezo chake basi.

Vuto lina limachokera ku chilankhulo chathu. Timati "ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula feteleza", mbali zonse ziwiri zikumveka mofanana, ndiye mwana amaika would konsekonse: "If I would have money, I would buy fertilizer." Pamenepo malikisi apita. Would asalowe mbali ya if. Lembani "If I had money". Komanso chiganizo chathucho chingatanthauze lero kapena chaka chatha, pamene Chingerezi chimasiyanitsa. Za chaka chatha zimafuna "If I had had money, I would have bought", ndipo imeneyo ndi third conditional.

Nanga "If I were you" bwanji, pamene tinaphunzira kuti I amayenda ndi was? M'ziganizo zongoganizira were amaloledwa kwa aliyense, I, he ngakhale she. Pocheza mumva anthu akunena was, ndipo si mlandu, koma pa mayeso a MSCE ndimauza ana anga kuti alembe were.