KODI MPHUNZITSI WA MPIRA APATSIDWE NTHAWI YOTANI?

Wolemba: Mlangizi wa Zaulimi, Dedza

M'mwezi wa Okutobala 2024 bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, la FAM, linachotsa ntchito a Patrick Mabedi, mphunzitsi wa timu yathu ya Flames. Iwo anapatsidwa zaka ziwiri zoti agwire ntchitoyo, koma anachoka atagwira pafupifupi chaka chimodzi chokha. Ena anati FAM yachita bwino. Ena anati munthu wachotsedwa nyumba ili pa windo, denga asanafolere. Owerenga athu, tiyeni tiuone bwino mlandu umenewu, pakuti umafikanso ku matimu a m'midzi mwathu muno.

Zimene Zinachitika

A Mabedi si alendo pa mpira. Anakhalapo kaputeni wa Flames, anasewera zaka zambiri ku timu ya Kaizer Chiefs ku Joni, ndiponso anaphunzitsa timu ya dziko ya anyamata osapitirira zaka 20. M'chaka cha 2023, a Mario Marinica a ku Romania atachoka, iwo anapatsidwa Flames mongogwirizira. Mu Julayi anapita ku Durban ku mpikisano wa COSAFA ndi anyamata ambiri osewera mommuno, ena a iwo achilendo m'makutu a anthu. Anagonjetsa Zambia 1-0, Seychelles 2-0 ndi Comoros 2-0, ndipo anangogwa pa mapenate ndi Lesotho m'ndime ya semifainolo. Anthu anakondwa zedi, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho analembedwa ntchito ya zaka ziwiri. Mu Novembala anakagonjetsa Liberia 1-0 kwawo komweko.

Tsono mavuto anadza mu Seputembala ndi Okutobala 2024, polimbirana malo a ku mpikisano waukulu wa maiko a mu Africa. Flames inagonja 3-2 ndi Burundi pa bwalo lathu la Bingu ku Lilongwe, inagonja 3-1 ndi Burkina Faso, 4-0 ku Senegal, ndi 1-0 pamene Senegal inabwera ku Lilongwe, Sadio Mané atagoletsa m'mphindi zomalizira. Masewero anayi, zigoli 11 zolowa kwathu, zitatu zokha zogoletsa ife. Ntchito inathera pomwepo.

A Kalisto Pasuwa a ku Zimbabwe ndiwo anatenga timu mu Novembala. Analepherana ndi Burundi 0-0, nagonjetsa Burkina Faso 3-0. Apa mbali zonse ziwiri zinapeza ponenera. Awa anati, "Mwaona, vuto linali mphunzitsi." Awo anati, "Iyayi, mlendo wakolola m'munda wolima mnzake, ndiponso Burkina Faso inali itapeza kale malo ake."

Kachewere ndi Pichesi

Ife alimi a kuno ku mapiri tidziwa kuti mbewu zili mitundu iwiri. Kachewere ukabzala, pakapita miyezi itatu kapena inayi ukumba. Pichesi ukaoka, udikira zaka zitatu kapena kuposa usanadye chipatso chake. Munthu wooka pichesi n'kuyembekeza kukolola pa nthawi ya kachewere adzazula mtengo wabwino, namati mbande inali yoipa.

Matimu nawonso ali chomwecho. Mphunzitsi wina apeza amuna okhwima kale, ongofuna wowalunzanitsa. A Kinnah Phiri, potenga Flames mu 2008, anapeza a Peter Mponda, a Esau Kanyenda, a Joseph Kamwendo ndi anzawo ali pachimake. Chaka chomwecho anagonjetsa Egypt 1-0 ku Blantyre, ndipo mu Januwale 2010 anali ku Angola akugonjetsa Algeria 3-0, patapita zaka 26 dziko lathu lisanafikenso ku mpikisanowo. Ameneyo anali kachewere: mbewu inali yokonzeka, ndipo mlimi wake anali waluso.

Koma mphunzitsi amene auzidwa kuti akale atopa, yambani ndi ana, wapatsidwa mbande ya pichesi. Kumbukiraninso kuti mphunzitsi wa timu ya dziko sakhala ndi anyamata ake tsiku ndi tsiku monga achitira wa Bullets kapena wa Dedza Dynamos. Osewera ali ku matimu awo, ena kunja kwa dziko, ndipo amasonkhana kangapo kokha pa chaka, masiku owerengeka. Chaka chimodzi cha ntchito yotere chili ngati miyezi iwiri kapena itatu ya mphunzitsi wa timu wamba.

Taonani Senegal yomwe inatigonjetsayo. A Aliou Cissé anaitenga mu 2015. Mu 2017 anatuluka pa mapenate ndi Cameroon. Mu 2019 anagonja 1-0 ndi Algeria pa masewero omaliza. Anthu a kwawo anadandaula kwambiri, koma eni timu anawasunga, ndipo mu Febuluwale 2022 Senegal inatenga chikho cha Africa koyamba m'mbiri yake. Zinatenga zaka zisanu ndi ziwiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nanga ife? Kuyambira 2017 kufika 2024 Flames inadutsa m'manja mwa a Ronny Van Geneugden, a Meck Mwase, a Marinica, a Mabedi ndi a Pasuwa. Aliyense adza ndi kaseweredwe kake ndi anyamata amene awakhulupirira, ndipo ntchito iyambanso pa maziko.

Kudekha Kuli ndi Malire

Komatu tisanamizane kuti nthawi payokha imanga timu. A Van Geneugden a ku Belgium anapatsidwa zaka ziwiri zathunthu, kuchokera 2017 mpaka 2019, ndipo pa masewero oposa 20 anapambana kawiri kokha. Mawu akuti "tikumanga timu" ndi okoma, ndipo munthu wolephera angathe kubisalamo zaka zambiri. Ochemerera amene alipira pa chipata ndi ndalama ya thukuta lawo ali ndi ufulu wofunsa kuti nyumbayo idzatha liti.

Mlimi wanzeru sazula mbande kuti aone ngati mizu yagwira, koma sakhalanso osaiyang'ana. Aona masamba ndi nthambi, nadziwa ngati mtengo uli moyo chipatso chisanaoneke. Pa timu zizindikiro zake ndi izi:

1. Kodi anyamata omwewo akusewera pamodzi masewero ndi masewero, kapena mayina asintha nthawi zonse? Womanga weniweni adziwa njerwa zake chaka chisanathe.

2. Kodi zolakwa zikuchepa? Timu yolowetsedwa zigoli za pakona mu Malichi, nilowetsedwanso zomwezo mu Okutobala, sikuphunzira kanthu.

3. Kodi anyamata amumvera, nalimbika kufikira wezulo yomaliza ngakhale akugonja? Akasiya kumumvera, zaka khumi sizidzathandiza.

4. Kodi timu inagonja ndi yani? Kugonja ndi Senegal, imene inali ndi chikho cha Africa mu 2022, ndi nkhani ina; kugonja ndi Burundi pakhomo ndi nkhani inanso.

5. Kodi eni timu achita mbali yawo, monga masewero okonzekera, mayendedwe ndi malipiro pa nthawi yake? Wosathira manyowa asadzudzule mbewu.

Tikayesa mlandu wa a Mabedi ndi miyeso imeneyi, kugonja ndi Burundi ndi bala lenileni, ndipo zigoli 11 ndi zambiri ndithu. Koma masewero atatu mwa anayi aja anali ndi matimu amphamvu kutiposa, ndipo anyamata amene anagonja 4-0 ku Senegal anaima nji ku Lilongwe patangopita masiku ochepa, mpaka mphindi zomalizira. Ife tiona kuti masabata asanu ndi limodzi oipa sanali okwana kuweruzira ntchito ya zaka ziwiri, ndipo kukanakhala bwino munthuyo akanatsiriza nthawi imene anapangana, n'kuweruzidwa pamapeto pake.

Kwathu Kuno

Nkhaniyi si ya ku Lilongwe kokha. Ku Bembeke, ku Lobi, ku Mayani ndi ku Linthipe timu ya pamudzi imatha msanga: uyu wakwatira, uyu wapita ku tauni, uyo wapita ku Joni. Wophunzitsa atsala ndi ana a sukulu, ndipo akagonja kawiri pa mpikisano wa chilimwe, komiti imuchotsa. Wina adza, ana aja abalalika, mpira ndi mayunifolomu zimene mudzi unasonkhera zisowa, ndipo bwalo limera udzu.

M'mera m'poyamba. Tsiku limene musankha wophunzitsa, khalani pansi a komiti, makolo ndi a mfumu, ndipo mugwirizane poyera ngati mwabzala kachewere kapena pichesi. Lembani m'buku nthawi imene mwamupatsa, chimene mufuna kuona chaka choyamba ndi chimene mufuna chaka chachiwiri, ndiponso chimene inu mudzamuchitira. Ikani masiku okumana kudzaona ntchito, monga pakutha kwa kukolola ndi mvula isanayambe. Ndipo musaweruze mlandu wake madzulo a tsiku logonja, mitima ili yotentha. Dikirani sabata ithe, tsegulani buku lija, ndipo muwerenge zimene munalonjezana.